Sukulu ya Ukonde kwa Che Jamali

Mai Fainesi Kachingwe amagulitsa tomato pamsika wa Mtakataka, ndipo ine ndakhala nawo benchi limodzi zaka khumi ndi ziwiri. Ndi mayi wolongolola, kasitomala akafinya tomato amamva zake, koma mtima wawo ndi wina. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa achinyamata a kutchalitchi kwathu n'kumawaphunzitsa kuthandiza anthu. Lamulo lawo linali limodzi: wothandizidwayo asachite manyazi.

Che Jamali anali msodzi wotchuka kale, koma maso atachita khungu ankangokhala pakhonde, njala ili m'nyumba. Ukawapatsa ufa ankabweza. Ndiye Mai Fainesi anapita kukagwada.

"Bambo, ana athuwa manja awo ndi a foni basi. Tiphunzitsireniko kusoka ukonde."

Mkuluyo anavomera. Anawo ankapita masana atanyamula ufa, sopo, pena nkhuni, n'kumati ndi zothokozera aphunzitsi. Che Jamali ankavala mkanjo wawo wa Lachisanu, n'kumapapasa mfundo iliyonse ndi zala, yolakwika n'kumasulitsa. Zaka ziwiri zinatha choncho, ndipo munthu ananenepa, ndikukuuzani.

Wapampando wa gululi anali Prisca, mtsikana wa Fomu 3, wochenjera, Chingerezi chili pamlomo. Mai Fainesi ankamunyadira kuposa ana awo obereka, mpaka ife pamsika tinatopa nalo dzinalo. Bungwe lina la ku Lilongwe litalengeza mpikisano wa atsogoleri achinyamata, Prisca anajambula kanema osauza munthu. Anasankha tsiku limene mkuluyo anali m'malaya ong'ambika, akudya. Pamwamba anaikapo mawu ake: "Agogo awa akanafa ndi njala. Ife timangonamizira kuphunzira ukonde kuti alandire thandizo."

Anapambanadi. Kanemayo anazungulira m'mafoni mpaka kukafika kwa anthu a kumzikiti, ndipo wina anakawatsegulira Che Jamali pakhutu.

Ndinalipo pamene Mai Fainesi anamuitana Prisca kuseri kwa benchi. Ndinkayembekeza kuti msika wonse umva, koma anangomufunsa motsitsa mawu chifukwa chimene anachitira zimenezi. Mtsikanayo, satifiketi ya mpikisanowo ili m'manja, anangoti, "Koma amayi, ndanama pati?" Ine magazi anawira. Mwana womulera wekha pa ntchito, n'kugulitsa ulemu wa nkhalamba chifukwa cha pepala! Zimandiwawa mpaka lero.

Mawa lake ndinawaperekeza Mai Fainesi kukapepesa. Tinawapeza Che Jamali ali pampando, ukonde atauunjika pakona. Atamva mawu a Mai Fainesi akuodira, anatsika pampandopo pang'onopang'ono, nakhala pansi pafumbi, natambasula manja onse awiri.

"Takulandirani, madamu," anatero. "Lero mwatibweretsera chiyani ife osauka?"