Thadzi Loyera la Alendo a ku Congo

Chifalansa ndinachiphunzira ndekha, m'buku lopanda chikuto limene ndinagula pamsika wa Nsaru. Ndinkaliwerengera m'chigafa, fodya akuuma pamwamba pangapa. Ndinapezamo zoti kwa Afalansa chinthu chilichonse ndi chachimuna kapena chachikazi, ndipo mawu ofotokoza maonekedwe ake amasintha motsatira mwiniwakeyo. Tambala woyera ndi blanc, thadzi loyera ndi blanche. Sizinandiopse. Ife amene timati munthu wamkulu, nyumba yaikulu, chingwe chachikulu, tingadabwe chiyani?

Vuto linali lakuti ndinali ndisanachilankhulepo ndi munthu. Zinandimvapo ndi mbuzi zokha, ndipo sizinanditsutse.

Ndiye mwana wa mlongo wanga anakwatira namwino wochokera ku Congo. Amayi ake a mkaziyo atabwera kudzationa kuno ku Nambuma, mwana wawoyo anaitanidwa mwadzidzidzi kuchipatala. Alendowo anatsala okha pamphasa. Chichewa sankachidziwa, tinkangomwetulirana.

Kwathu kuno mlendo sitimuphera nkhuku asanaione. Akazi anga anagwira ziwiri n'kundipatsira.

"Inu abambo, paja mumatisokosa ndi Chifalansa, eti? Kafunseni alendo asankhe. Kapena chinatsalira m'chigafa?"

Anthu anali atadzaza pakhonde. Alendowo akanapanda kundimva, ndikanayenda bwanji m'mudzi muno? Ndinanjuta pamaso pawo, tambala kumanja, thadzi kumanzere.

"Madame," ndinayamba, "couleurs différentes. Le coq noir? La poule blanche?" Ndiye kuti mitundu ndi yosiyana, wakuda kapena loyera.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana nkhukuzo, kenaka anaomba m'manja. Mawu anakhuthuka ngati matalala padenga la malata. Ine ndinatolapo awiri okha: la blanche.

"Akuti chiyani?" anafunsa akazi anga.

"Akuti loyerali. Zinazo akuthokoza."

"Kodi zonse zijazi n'kuthokoza?"

"Kwawoko amathokoza motalika, amayi."

Alendowo anasendera n'kundipatsa malo pamphasa. Atazindikira kuti makutu anga ndi aulesi, anayamba kulankhula pang'onopang'ono, akuloza zinthu. Anandiuza kuti ali ndi zidzukulu zambiri, ine ndinawauza kuti nyemba zathu n'zofiira, zina zoyera, zina zamawanga. Tinacheza mpaka thadzi linapsa.

Uko kukhitchini ndinamva mayi wina akufunsa ngati tikumvanadi.

"Simukuona alendo akuseka?" anayankha akazi anga. "Ndi amuna anga amenewo."