Tsaya la Filipo

Ndikukumbukira chaka chimene tsaya la mlongo wanga Filipo linatupa. Tinali kwathu ku Mphunzi, nyengo yozizira ija nkhungu imagona pamapiri mpaka dzuwa kufika pamutu, ana tonse miyendo ili mbuu ngati taiviika mu ufa. Ine ndinali kamtsikana, Filipo ndiye wondiponda pamutu.

Poyamba amayi ankayesa wabisa mbatata m'kamwa, poti kamwanako kanali kakuba kachewere wootcha, eee! "Lavula! Lavula, mbala iwe!" Iye n'kuyasamula, aaa, mulibe kanthu. Ndiye kunabwera azakhali athu a Nabanda, mawu awo ngati ng'oma yonyowa. Anagwira tsayalo, kulidina, n'kuti, "Matsagwidi awa. Akavine."

Kaya kwanu zinkatani anzanga, koma kwathu mwana wa matsagwidi ankamupaka makala ndi phulusa kumaso, kumusenzetsa kamtolo ka nkhuni kochepa ngati ka mbewa, n'kumavina khomo ndi khomo. Amene waseka, ameneyo watenga matendawo. Abambo anali munthu wa kolona, Mkatolika weniweni, anakana kwamtuwagalu: "Zachikunja pakhomo panga ayi!" Basi azimayi anangodikira tsiku limene abambo anasenza kachewere kupita kumsika ku Kaphuka.

Amayi inu, tsiku limenelo! Filipo anatuluka nkhope ili zigamba zigamba, tsaya limodzi ngati dzungu, kamtolo kakupendekera kukhutu. Ndipo mwana uja ankadziwa kuvina! Ankatsanzira tambala wofuna thadzi, phiko pansi, kamwendo kokoka, uku akufuula ndi kamawu kake, "Ndani atenga? Ndani atenga?" Mudzi wonse unagwira pakamwa. Azimayi ochokera kuchitsime nkhope zili gwa ngati pamaliro, koma mapewa akugwedera, madzi akutayikira kumsana. Agogo a Chadza, aja osuta fodya wa m'kaliwo, analowetsa mutu m'nkhokwe, tinkangomva "hm! hm! hm!" m'katimo, matako okha ali panja.

Ine ndinkatsatira pambuyo. Ndinali nditaona usiku wake kuti Filipo akulephera kutafuna, chakudya akungochizunguliza m'kamwa misozi ili mbwe. Ndinati mumtima, ine ndine wamkulu, ndine wonenepa, abwere kwa ine matendawo. Ndinaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno, n'kutsegula kukamwa konse: "Kwa-kwa-kwa-kwaaa!" Phiri linayankha. Nkhuku zinabalalika.

"Rozina! Wapenga? Ndidwazike awiri ine?" Amayi amenewo, khofi lili phaa pakhosi panga.

Azakhali ali, "Msiyeni mlamu, watenga yekha ameneyo."

Filipo anataya kamtolo, milomo ili tu. "Ukundiseka iwe?"

"Ndikukulanda matenda, chitsiru iwe! Vinanso!"

Anavinanso, ine n'kusekanso, mpaka nthiti kuwawa. Madzulo tinagona pamphasa imodzi tikununkha phulusa, iye n'kumandigwira tsaya kuti aone ngati layamba.

M'mawa uliwonse ndinkathamangira kumtsuko kukadziyang'ana m'madzi. Ndinkafufumitsa masaya dala, koma ndikapuma, phwa, abwerera. Langa linakana. La Filipo linkangokula, kukwera mpaka kutseka diso, mano n'kuyamba kugwedera. Abambo anamubereka kumsana ngati mzimayi, kuwoloka mapiri mpaka kuchipatala cha mishoni. Kumeneko adokotala anamuyeza modekha, n'kuti ndi mawu apansipansi, "Bambo, si matsagwidi awa. Ndipo mankhwala ake kuno tilibe." Anabwerera naye. Ine ndinkamumwetsa phala lamadzimadzi chakumbali kwa kamwa, iye n'kumandiuza kuti ndimaphika moipa. Anatisiya mapichesi atayamba maluwa.

Zaka zonsezi sindinadziwe dzina la chimene chinamudya. Ndinadzalimva chaka chatha, nditakalamba chonchi, khosi la mdzukulu wanga Yamikani litatupa. Ine ndinangoyamba kuti "Mwina matsa..." mayi wake ali, "Amayi, ayi!" Tsiku lomwelo pa minibasi. Kuchipatala chakwathu anatitumiza mpaka kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene kadokotala kena kakakazi, kamsinkhu ngati mwana wa sukulu, kanatikhazika pansi.

"Agogo, iyi ndi khansa ya mwanabere. Imathamanga kwambiri, ndiye tiimenya ndi mankhwala amitundu iwiri pamodzi. Ena amapha matendawo, koma ndi aukali, tsitsi lithothoka, azisanza. Enawo amakamata pa matendawo n'kuwaonetsa kwa asilikali a m'thupi, kuti thupi nalonso limenye nawo."

Ine ndinati, "Ndiye enawo ndi akazitape eti?" Kanaseka, kali, "Eya agogo, akazitape."

Miyezi inatha tikupita n'kubwera, mwana ali pa diripi, mutu uli see ngati chipanda. Masiku ena ankakana ngakhale madzi. Koma chotupa chija chinayamba kuphwa ndikuona ndi maso angawa. Akuti tizipitabe akamuone, sananene kuti zatheratu.

Dziko lasintha, anzanga. Nkhungu ndi yomwe ija, mapiri ndi omwe aja, koma matenda ali ndi mayina tsopano, ndipo akumagonja. Dzana Yamikani anamaliza futali mbale yonse, n'kuyamba kulanda wa mlongo wake. Anagwirana, kugubuduzana m'fumbi, kulira konse. Mayi wawo anatola kamtengo kuti akawaleretse. Ndinamugwira dzanja. Ndinati, "Khala pansi iwe. Asiye amenyane."