Tsiku limene amalume anakwera gudumu

Kwathu ku Champiti kuli nkhani imene imafotokozedwa molakwika pamaliro ndi pamaukwati pomwe, ndipo popeza mwa onse amene analipo ndine ndekha amene ndinafika kusekondale, ndaona kuti ndiilembe monga inachitikira. Amati ine, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinanyengerera amalume anga olumala kuti akwere gudumu lonyamula anthu pachionetsero cha zaulimi kuboma la Ntcheu, n'cholinga choti anthu awaseke, ndipo kuti analira ndi mantha ngati khanda. Kulira analiradi. Zinazo n'zopeka za msuweni wanga, amene nthawi yonseyo anali kogula zitumbuwa.

Amalume, aNgozo, anali mlongo wawo wa amayi. Anagwira ntchito m'migodi ku Joni mpaka tsiku limene mwala unawagwera m'chiuno. Anabwerako akuyendera ndodo ziwiri za m'khwapa, miyendo ikukwakwaza pansi, ndipo ankakhala pakhomo pathu. Amayi ankawaphikira ndi kuwatungira madzi popanda kudandaula. Komabe ndikukumbukira kuti m'nyumba mwathu tinkakambirana za iwo eniake ali pomwepo: “Kodi adya? Kodi awotha dzuwa?” Panalibe amene ankatembenuka kuwafunsa.

Chaka chimenecho tinapita nawo kuchionetsero palole. Kunali ng'ombe zonenepa, maungu osatheka kunyamula, fumbi ndi fungo la dizilo. Kumapeto kwa bwalo anthu ochokera ku Blantyre anaimika gudumu lachitsulo lotalika kuposa mitengo ya bulugamu, lokhala ndi timipando tolendewera. Amayi anayala mphasa pamthunzi.

“Achimwene, inu mwatopa. Mutisungire katunduyu.”

Onse anamwazikana, ine n'kutsala kuti ndiziwapatsa madzi. Amalume analiyang'ana gudumulo nthawi yaitali, kenako anandikoka malaya.

“Mphwanga, ndipatse ndodo zanga.”

“Nanga katunduyu?”

“Ndani angabe mtanga wa mbatata? Tiye.”

Kamtunda koti mwana angathamange mosapuma tinakayenda pang'onopang'ono, thukuta likuwatsika m'khosi. Woyendetsa gudumu atationa analankhula kwa ine, osati kwa iwo.

“Iwe, madalawa sangakwere. Akagwa ndinena chiyani?”

“Bambo, lankhulani ndi ine,” anatero amalume. “Ku Joni kunatsala miyendo yokha. Mutu ndinabwera nawo.”

Anthu anaseka, iye n'kuchita manyazi. Anawanyamula yekha, nawakhazika pakampando, ine pambali pawo. Injini italira, pansi panayamba kutithawa. Amene anachita mantha ndinali ine, ndipo ndikuvomera poyera. Amalume anandigwira bondo ndi dzanja lawo lokhakhala.

“Usatsinzine. Zaka zonse zija ankangonditsitsa pansi pa nthaka, mumdima. Palibe amene anandikwezapo m'mwamba.”

Titafika pamwamba penipeni gudumu linaima kuti ena akwere. Tinaona madenga a kuboma, msewu ukukhota, ndi mapiri akuchita mzere mpaka kutali. Analoza phiri limene ankadyetsako ng'ombe ali mnyamata, limene ankadziwa kuti sadzakweranso. Pamenepo ndi pamene misozi inatsika. Sanaipukute.

Pansi tinapeza amayi atagwira m'mutu, katundu atamusiyira msuweni uja, yemwe anali atangobwerako kogula zitumbuwa.

“Mwana woipa iwe! Ukufuna kundiphera mlongo wanga? Taona wawaliza pagulu!”

Anandimenya ndi nsapato yawo pamaso pa anthu. Ndinayang'ana amalume kuti anene mawu amodzi okha. Iwo anangoweramitsa mutu.

Kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa nsapato. Kwa miyezi ingapo ndinkawaikira madzi osamba osawalankhula. Nkhani inafalikira, ndipo dzina langa m'mudzi linasanduka “wokweza amalume”. Nthawi imeneyo ndinkayesa kuti anandipereka chifukwa cha mantha wamba. Lero, pamene mawondo anga akukana ndipo ana anga ayamba kukambirana za ine ndili pomwepo, ndikumvetsa. Munthu amene ukumusamalira ukhoza kumupatsa zonse, n'kumulanda pakamwa usakudziwa. Amayi sanali ankhanza. Ankawakonda kwambiri, mwakuti sankaona chifukwa chowafunsa.

Panapita zaka zinayi. Ndili Fomu 2, ndinabwera kutchuthi nthawi imene chionetsero chinali pafupi. M'mawa wa tsikulo tonse tinali pakhonde, pamodzi ndi azakhali ndi msuweni uja, tikudikira lole.

“Achimwene atsala,” anatero amayi akumanga mpango. “Ulendo uja mwanayu anatsala pang'ono kuwapha.”

Amalume anaika pansi kapu ya tiyi.

“Mlongo wanga, khalani pansi.”

Amayi anadabwa, pakuti liwu limenelo anali asanalimve chibwerereni amalume ku Joni. Anakhala pamphasa.

“Mwanayu sanandinyengerere. Ndinamutuma ndine. Mantha sindinachite, ndinalira chifukwa ndinaona kwathu konse nthawi imodzi. Munamumenya ine ndikuona, ndipo ndinakhala chete poopa kutsutsa dzanja londidyetsa. Mlanduwo ndi wanga, si wake.”

Msuweni wanga anayamba kufunafuna kanthu m'thumba mopanda kanthu. Ine ndinayembekeza kuti amayi andipepesa, koma makolo a nthawi imeneyo sankapepesa ana. Anamasula mpango uja, naumanganso. Kenako anatembenuka, osati kwa ine, koma kwa amalume.

“Nanga lero, aNgozo, mukufuna kutani?”

“Ndikufuna kukwera,” anayankha. “Ndipo inu mukakhala pambali panga.”