A Sipanala ndi Madzi a M'chombo cha ku Nyenyezi

Amene anawatcha dzina loti a Sipanala sakudziwika, koma dzinalo linawakhala. Zaka makumi atatu anatha akukwawa pansi pa masinki a anthu, kukwera pa mathanki, kupisa mkono m'malo amene mwini nyumba amaimira patali atagwira mphuno. Mawondo atayamba kudandaula anachepetsa ntchito. Masiku ano mukawapeza pakhonde la kashopu kawo, pakati pa zidutswa za mapaipi ndi mipopi yakufa imene amati adzaikonza tsiku lina, magalasi ali pamphuno, akuwerenga mabuku a zombo zopita ku nyenyezi.

Musaganize kuti anayamba mwa kufuna kwawo. Mwana wawo wamkazi womaliza atasiya sukulu ya unamwino, n'kunena kuti akufuna kumalemba mabuku, a Sipanala anakalipa mpaka aneba anatseka mawindo. "Nthano zidzakudyetsa? Pakhomo panga pano sipakhala wolemba zabodza!" Mwanayo analongedza chikwama, ulendo. Zaka ziwiri zinatha osalankhulana, ndipo bamboyo zinkawapweteka koopsa, kungoti pakamwa pawo pankakana kuvomera.

Kenako kunayamba kubwera mabuku. Mwezi uliwonse dalaivala wa basi ankatsitsa kaphukusi, mkati muli buku limodzi latsopano, kalata ayi.

"Kutereku mwana akukupatsani moni, bambo," anatero akazi awo. "Muyankheni."

Iwo anati angosuzumira tsamba loyamba, aone chimene chinamuzunguza mutu mwana wawo. Anadzazindikira tiyi atazizira, ali pa tsamba 60.

Mabukuwo ankawadabwitsa. Lina linali la msika umene anthu ankagulitsapo maloto awo, lina la maloboti olira maliro a munthu amene anawapanga. Za matsenga ndi zinjoka ankaziwerenga mwaulemu chabe, ngati mlendo amene wapatsidwa ndiwo zosazolowera. Koma za zombo zija, eee, zinawalowa m'magazi. Chimene chinkawasowetsa mtendere n'chimodzi. Anthu zikwi zisanu, ulendo wa zaka mazana awiri, koma wolemba osanenako kumene madzi akuchokera, kapena kumene amapita munthu akatuluka m'chimbudzi! Ndiye ankang'amba katoni, n'kujambula ndi pensulo chombo chonsecho, thanki apa, pampu apo, kuyesa ngati zingatheke.

"Awa akanafa ndi ludzu asanafike mutu wachisanu," ankauza akazi awo. "Akudziwa kumenyana ndi zilombo za maso asanu ndi limodzi, koma mpopi wodontha palibe angaugwire."

Akamaliza ankapinda katoniyo, kuilowetsa m'buku, n'kubweza kudzera kwa dalaivala yemwe uja. Nawonso kalata ayi. Akazi awo ankangopukusa mutu, amvekere bambo ndi mwana onse ndi ouma mutu, kusiyana ndevu zokha.

Mwezi wina phukusi linabwera lolemera. Munalibe buku, munali mulu wa mapepala otaipa, omangidwa ndi labala, opanda chikuto. Pamwamba panali dzina la mwana wawo. Anayamba akasamba m'manja ndi sopo asanatsegule.

Masiku atatu shopu inali yotsegula dzina lokha. Mayi wina wofuna wokonza shawa anauzidwa kuti abwere sabata yamawa. Chombo cha m'nkhaniyi chinali ndi mathanki anayi, sefa, ndi paipi imene inayamba kudontha pa tsamba lachitatu lomwe. Wosamalira zonsezi anali mayi wina wamwano, wosaopa ngakhale kapitawo wa chombo. A Sipanala anang'amba katoni monga mwa masiku onse, kutsata madzi ndi pensulo kuti apeze pamene asokonekere. Madzi anazungulira chombo chonse n'kubwerera m'thanki bwinobwino. Anajambulanso kachiwiri, zomwezo. Mwana ameneyu anaziphunzira liti zimenezi?

Cholakwa anachipeza pa tsamba 212. Mayi wa m'chombo uja, polumikiza paipi, anakulunga tepi yoyera chobwerera m'mbuyo. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa kuti ukatero, pomanga tepiyo imamasuka. Choipa kwambiri, mapepalawo anathera panjira: mayiyo ali m'chipinda cha mapampu, chitseko chakana kutseguka, madzi afika m'chiuno. A Sipanala anatembenuza pepala lomaliza, anagwedeza envelopu, munalibe china.

Izi sizikanakwana pa katoni. M'mawa mwake anazungulira nyumba kawiri, anasesa pakhonde posesa kale, kenako anakaima pakhomo la khitchini.

"Tandibwerekani foni yanu. Nambala yake ndilibe."

Akazi awo sanafunse kuti ya ndani. Anadina okha, n'kuwapatsira.

"Amama?" anatero mawu a mwanayo.

"Ndine." Mawu onse abwino amene anakonza anabalalika, panatsala a ntchito okha. "Tepi ija sakulunga choncho. Imatsata kumene ukumangira."

Mwanayo anaseka, kuseka kosakanikirana ndi misozi.

"Ndikudziwa, ababa. Ndinkafuna ndione ngati mufike pa tsamba limenelo."

"Ndafika mpaka kumapeto. Kawiri."

"Ndiye mwaliona bwanji?"

A Sipanala anakhala pa chidebe chovundikira. Manyazi anawagwira, ndi chimwemwe chomwe.

"Mayi uja wamusiya m'madzi," anatero. "Atuluka?"

"Sindikudziwa. Ndinalekera pomwepo. Pena ndimaganiza kuti mwina munkanena zoona, ndingobwerera ku sukulu."

"Zoona ziti? Ndinalakwa ine, mwanangu. Munthu ali m'madzi mpaka m'chiuno, iwe ukuganiza za sukulu? Khala pansi ulembe."