Ufa wa Eni Sapondapo

Aliyense wa pa Biriwiri amamudziwa Fyson Kamwendo, koma amamukumbukira foni ikafa basi. Kabenchi kake kali kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi ndi mbatatesi. Munthu akabwera ndi foni yogwera m'madzi amamutcha bwana, ikadzuka amaiwala ndi moni yemwe. Zaka zapitirira makumi atatu, sanakwatire, ndipo kutchalitchi amakhala kumbuyo kuti atuluke msanga. Anthu amati ndi wodzimva, koma limenelo ndi bodza. Munthuyu amangosowa womuuza zimene zili kumtima kwake, ndipo zimene zili kumtima kwake ndi gemu.

Gemuyo anaidziwira m'sitolo ya a Saiti, bambo a mnzake Hafiz. A Saiti anagula kompyuta yakale kuti azisindikiza makadi a ukwati, koma makina osindikizirawo anakana ntchito. Anyamata awiriwo anapezamo gemu yakalekale, ya kamnyamata konyamula lupanga, koyenda mudzi ndi mudzi kufunafuna mlongo wake. Zithunzi zake zinali timabokosi tokhatokha, Chingerezi chake chothamanga, ndiye nkhaniyo ankangoipeka okha. Hafiz ankagwira mabatani oyendetsera, Fyson omenyera nkhondo.

Munali mudzi wina umene pansi ponse panali poyera mbee. Awiriwo sanavutike n'kuganiza: unali ufa, amayi a m'mudzimo auyanika. Nanga choyera choyalidwa pabwalo chingakhalenso chiyani? Anaika lamulo loti kamnyamata kawo kasaponde ufa wa eni, ndipo ankakazembetsa m'mphepete mwa nyumba, m'timipata takuda, zilombo n'kumakapha kambirimbiri chifukwa cha ulemu.

Hafiz anapita ku Joni atangolemba mayeso a Fomu 4. Poyamba ankaimba foni, kenako kunatsala mauthenga a pa Idi ndi Khirisimasi, kenako zii.

Chaka chatha Fyson anapeza pa intaneti gulu la anthu a kumaiko akutali amene akuimanganso gemu yomweyo mu pulogalamu yamakono imene eni ake amati injini, yoti mtengo uzioneka ngati mtengo, madzi n'kumayenda. Salipidwa, ndi chikondi chabe. Fyson anasangalala ngati wapeza abale otayika. Anaphunzira ntchitoyo pa laputopu yothyoka kona, masana makasitomala akachepa, ndipo atawaonetsa nyumba imene anaumba, anamupatsa mudzi woyera uja kuti aumange. Gemu yakaleyo sanaitsegulenso n'komwe, poti mudziwo ankaudziwa pamtima. M'mutu mwake munali chinthu chimodzi: akamaliza autumize kwa Hafiz, adzayendemonso awiri.

Anaumanga ndi mtima wonse. Mphasa pabwalo lililonse, ufa wopalasidwa ndi zala mizeremizere, miyala m'makona kuopa mphepo, nkhuku zikuzungulira mosuzumira. Anawonjezanso mayi wotuluka ndi tsache kudzakalipira aliyense wopondapo. Mawu a mayiyo anachita kupempha kwa a Lufina ogulitsa tomato, amene kukalipa sanachite kuphunzira.

Mtsogoleri wa gululo anayankha mwaulemu. Anati ntchito ndi yokongola, koma mphasazo n'zachiyani? Choyeracho ndi chipale chofewa, chija chimagwa ngati mvula kumaiko ozizira, ndipo anthu a m'mudzimo akufa ndi njala ndi chisanu. N'chifukwa chake mlongo uja anachokako. Ena anaseka, mmodzi anati zamukoma, koma onse anagwirizana kuti iwo akubwezeretsa gemu mmene inalili. Fyson achotse mphasa, apo ayi mudziwo aupereke kwa wina.

Anachita manyazi ngati amuvula pamsika. Mudzi umene iye ndi Hafiz ankausirira kuti ndi wa mwanaalirenji unali wa njala! Anayesa ndithu kuthira chipalecho. Chinagwa bwino, n'kukwirira madenga, koma iye anangoona mudzi wachilendo umene sakanaitanirako Hafiz. Anabwezera mphasa zake, n'kutsanzikana nawo anthu aja, okhawo amene ankamufunsa kuti wadzuka bwanji.

Nambala yatsopano ya Hafiz anaitenga kwa a Saiti. Anajambula kanema, kamnyamata kakuzemba ufa m'mphepete mwa nyumba, n'kutumiza osalemba kanthu, poti kwa iye panalibe chofunika kufotokoza. Yankho linachedwa. Linabwera Loweruka lina masana, iye ali mkati momasula foni ya kasitomala. Inali voisi, uthenga wa mawu ojambula, kumbuyo kukumveka ana ndi magalimoto.

"Aise Fyson, ulipo? Zaka zonsezi!" anatero Hafiz. "Kanema ndaonera, luso uli nalo iwe. Ana anga aseka mpaka kugwa ndi mayi watsache uja. Koma ndi kuti kumeneku? Kwa Champiti, kwa amayi ako?"

Fyson anaika sikuludalaiva pansi, nayankha pomwepo: "Ndi gemu ija ya m'sitolo, aise. Mudzi wa ufa uja."

"Gemu iti, ya mpira ija?" anafunsa Hafiz mu voisi yachiwiri. "Aaa, imeneyo ndiye inandichoka m'mutu kalekale. Ine ndimangokumbukira kuti kompyutayo inkatentha ngati mbaula. Basi ndili pantchito kuno. Ukawaona madala anga uwapatse moni."

Fyson anaimvetseranso voisiyo kuopa kuti mwina pali mawu amene amudutsa. Panalibe. Zinamupweteka kuposa kuseka kwa anthu akunja aja, chifukwa iwo ali ndi gemu yawo ndipo ndi ambiri oikumbukira limodzi. Yake ija, ya mudzi wokhuta ndi kamnyamata kaulemu, inali ya anthu awiri, ndipo mmodzi anali atatulukamo kalekale osatsanzika.

Analemba kuti, "Moni ndipereka," n'kutumiza.