Envelopu Imene Adadi Anakana

Ine sindine wolankhulalankhula. Koma nkhani ya mkulu wanga Tithokoze ndaisunga nthawi yaitali, ndipo mwina wina mwa inu akuifuna lero.

Tithokoze analephera maphunziro a unamwino ku yunivesite ya Murdoch, kuno ku Australia. Osati kamodzi, kawiri. Tsiku limene zotsatira zinatuluka anakwera sitima mpaka kumapeto, n'kubwerera nayo yomweyo, kuopa kufika kunyumba.

Adadi amagwira ntchito ku mgodi, masabata awiri kumeneko, sabata imodzi kunyumba. Atabwera, Tithokoze anawauza kuti akufuna kukaphunzira za makompyuta ku TAFE, koleji yophunzitsa ntchito zamanja.

"TAFE?" anatero adadi. "Ndinasiya Lilongwe, ndikumwa fumbi tsiku ndi tsiku, kuti mwana wanga akatenge pepala la anthu olephera?"

Lolemba lotsatira Tithokoze anakalembetsa.

Kutchalitchi kwathu, komwe timasonkhana Amalawi a kuno ku Perth, aliyense amadziwa zimene mwana wa mnzake akuphunzira. Choncho adadi anapitiriza kuuza anthu kuti Tithokoze akadali pa unamwino. Nanenso ndisabise, anzanga akandifunsa ndinkanena bodza lomwelo. Ndinkachita naye manyazi mkulu wanga yemwe.

Zaka ziwiri zinadutsa chonchi. M'mawa ankapita m'kalasi, masana ankapanga katundu m'mashelefu a golosale. Loweruka ankatola makompyuta akale amene anthu amasiya m'mphepete mwa msewu, n'kumawamasula pakhonde mpaka atayaka. Amayi ankangodandaula kuti khonde lasanduka dzala. Fizi yake yonse anailipira yekha, ndipo sinafike pa imene adadi analipira chaka chimodzi ku yunivesite.

Atatenga dipuloma, analemba makalata ofunsira ntchito oposa makumi atatu. Ambiri sanayankhe n'komwe. Kenako chipatala chachikulu cha ku Nedlands chinamuitana, kuti azikonza makompyuta a m'mawodi. Malipiro ake anali madola 65,000 pa chaka, kwa munthu wongoyamba kumene.

Kwathu malipiro oyamba sadya wekha. Umawapereka kwa makolo kuti adalitse ntchito yako. Tithokoze anakatapa ndalama kubanki, anaziika mu envelopu, n'kugwada pamaso pa adadi pabalaza.

"Adadi, landirani. Ndi zoyamba."

Adadi sanatambasule dzanja. "Sunga. Ukadzapeza ntchito yeniyeni udzabwere nazo."

Envelopu ija inakhala m'dirowa mwake masabata atatu. Sanachotsemo ngakhale dola imodzi. Ankapita ku ntchito mwakachetechete, ngati munthu amene waba malo a wina.

Lamlungu lina titaweruka, anthu ali pa tiyi, anatulukira mayi Prudence. Iwo ndi namwino wamkulu pachipatala chomwecho, ndipo mawu awo safuna maikolofoni.

"A Msaiwale! Inu bambo, kubisa zabwino chonchi?"

Adadi anatembenuka. "Zabwino zanji, mayi?"

"Mwana wanuyu! Lachinayi kompyuta ya mu wodi yathu inangoti zii, mankhwala a odwala onse ali mmenemo. Ife anamwino asanu, madigiri athu ali phee, tangoyang'anana ngati nkhuku zonyowa. Kubwera kamtsikana aka, mphindi khumi basi, zonse zayaka. Ndinamufunsa kuti kodi iwe sindiwe mwana wa a Msaiwale?"

Wina anafunsa kuti, "Kodi si paja amaphunzira unamwino?"

Adadi anaika kapu yawo patebulo.

"Ayi," anatero. "Anasiya kalekale. Anapita ku TAFE, anaphunzira za makompyuta. Ineyo ndi amene ndinkanama."

Palibe anaseka. Mayi Prudence analiza nthungululu mpaka azungu a mpingo wina amene amapemphera m'chipinda choyandikana anasuzumira pakhomo. Bambo wina anakokera Tithokoze pambali kumufunsa kuti amalembetsa bwanji, chifukwa mwana wawo wangokhala pakhomo chaka chathunthu.

Titafika kunyumba, adadi sanavule n'komwe jekete.

"Titho, envelopu ija ikadalipo?"

Tithokoze anathamanga kukaitenga, n'kugwadanso pamalo omwe aja. Ulendo uno adadi anailandira ndi manja awiri. Anatulutsamo pepala limodzi lokha la ndalama, zotsalazo n'kumubwezera. Anaika dzanja pamutu pake, napemphera. Atamaliza anatsokomola n'kunena kuti, "Ndiye laputopu yangayi, ikuchedwa kuyaka. Ungaione?"

Tithokoze anaseka misozi ili mbwee. Nyumba yonse inapuma tsiku limenelo.

Lero ali m'chaka chachitatu pa ntchito, anamukweza kale, ndipo akuphunzira za chitetezo cha makompyuta. Ine zotsatira zanga za kusekondale sizinatuluke bwino. Nditawauza adadi, anangondifunsa kuti ku TAFE amatsegulira liti.

Ndiye inu amene mwalephera, amene mukubisa pepala lanu chifukwa dzina la sukulu ndi laling'ono: pepalalo likhoza kukudyetsani, inu ndi a kwanu omwe. Lembetsani, limbikirani, ngakhale envelopu yanu ikanidwe ulendo woyamba. Isungeni bwino. Musataye mtima, tsiku loti ilandiridwe ndi manja awiri likubwera.