Amayi abwerako ndi dengu kumsana

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ku ofesi ndamva kuti webusayiti yakale ya esiteti ya tiyi aitseka Lachisanu. Paja m'pamene pali chithunzi chokhacho cha malemu amayi akuthyola tiyi.

Ndinathamangira kwa a Esinati, oona za makompyuta. Ali ndi burawuza yosaoneka, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Pa sikirini sipatseguka kanthu, imangopita yokha pa tsambalo n'kubwerako italikopera mu PDF.

Ulendo woyamba inabwerako ndi mawu okhaokha, malo a chithunzi ali mbuu ngati nkhungu ya chiperoni. A Esinati anati, "Yapupuluma, netiweki yakuno ndi yaulesi. Tiiuze idikire."

Tinadikira. Potsegula, amayi ndi awo, dengu kumsana, akuseka ndi munthu amene sanalowe m'chithunzi. Ndawayang'ana mpaka tiyi wanga kuzizira, ndikumva ngati andiitana kuti ndiwatule dengulo.

PDF ija ndaitumiza pano pa gulu lathu la pachibale. Koma abambo sanaionenso nkhopeyi chiwaikire amayi m'manda. Ndiwapititsire kumudzi ku Masambanjati mawa, kapena tidikire tikhalepo tonse? Mwina iwo akudziwa amene ankawaseketsa.